Dzino Lodulira Ulusi

Kwa zaka makumi atatu a Eduardo Mpande a ku Kavalamanja akhala akusoka maukonde a asodzi, ndipo ulusi wonse ankaudula ndi dzino limodzi lakutsogolo. Litayamba kuwawa anapita kukiliniki, koma atangoona chozulira anatseka pakamwa.

"Mukandizula limeneli, ana anga adya chiyani?" anafunsa motero atagwira tsaya.

Akukilinikiko anawalembera kalata yopita ku Lusaka, kumene madokotala amaboola dzino, n'kuchotsa mtsempha wowola, n'kulimata osalizula. Kalatayo inadikira chidindo masabata atatu, chifukwa wosunga kiyi wa kabati ya chidindocho anali ku wekishopu yophunzira kuthandiza anthu mwachangu.

A Mpande atakwera basi maulendo awiri, dzino linapulumuka. Koma dokotala anawachenjeza kuti, "Bambo, lafooka tsopano. Musadzalumenso nalo ulusi, lingasweke."

Anafika kunyumba ali ndwii, n'kuwafotokozera akazi awo, a Aida.

"Ndiye kuti silimva kanthu, siligwira ntchito, koma pamalo pake silichotsedwa?" anatero a Aida akuwapatsa kampeni. "Atate ake Luis, musadandaule. Dzino lanu lalembedwa ntchito m'boma."