Mayi Anastazia January, Amene Sankadziwa Kunong'ona

Akomiti a kalata ya parishi andipempha kuti ndilembe za malemu Mayi Anastazia January pa tsamba la akhristu achitsanzo. Andilangizanso kuti ndinene kuti anali mayi wofatsa, wa mawu ochepa. Pepani akomiti. Zaka zimene ndakhala kunja n'zambiri, moti njira za ku Limbe zikundisokoneza ndipo mitengo imene inkatipatsa mthunzi pabwalo la tchalitchi ndapeza zitsa zokha. Koma mawu a mayi ameneyu sindinawaiwale, ndipo sanali ochepa.

Anastazia anabadwira ku Nsanje, m'banja la asodzi a mumtsinje wa Shire. Sukulu ya mishoni anaiyamba n'kuisiyira panjira, koma anatulukako atadziwa kuwerenga ndi kuimba. Atakwatiwa ndi a Bonface January anakwera sitima kubwera ku Blantyre. Bambowo anapeza ntchito yonyamula katundu m'nyumba ina yosungiramo katundu ku Makata, iwo n'kumachapa ndi kusita kwa a Manjula, mayi wachimwenye wa sitolo ya nsalu ku Limbe. Ankakhala kuno ku Soche. Lamlungu ankaimba m'kwaya imene ankatsogolera aphunzitsi a Wilfred Alufandika, ndipo amene munamvapo kwaya imeneyo mukudziwa chifukwa chake ya masiku ano ndimaimvera ndili panja.

Mu 1969 anadwala chifuwa chachikulu. Kuchipatala anawabaya jakisoni tsiku ndi tsiku kwa miyezi. Chifuwa chinayamba kupola, koma m'makutu munayamba kulira ngati nyenje za m'chilimwe, ndipo poyenda nthaka inkawathawa. Atauza namwino, anawayankha kuti, "Mayi, mwabwerera chifuwa kapena makutu?" N'kubayanso. Ndili kunja ndinawerenga kuti mankhwala amenewo akachuluka m'thupi amapha mtsempha umene umanyamula mawu kuchokera m'kati mwa khutu kupita ku ubongo, ndipo ukafa sudzukanso. Kulira kwa m'makutuko ndilo chenjezo. Zinali zolembedwa kale m'mabuku awo. Koma ndani akanasintha jakisoni chifukwa cha dandaulo la mayi wochapa zovala?

Anabwerera kunyumba ali wogontha makutu onse awiri, akuyenda modzandira. Amayi ena a mumpingo muno, ena mwa iwo akadalipo, anafalitsa kuti mkazi wa January wayamba kachasu. M'kwaya mawu awo anayamba kuphonya, ndipo anthu anapempha kuti achotsedwe. A Wilfred anakana. Anawaimika kutsogolo kuti aziona dzanja lawo, chikhatho chili pa ng'oma kuti azimva kugunda kwake m'thupi. Misa ikatha ankakhala nawo pakhonde n'kuwalembera ulaliki wonse pa sileti ya ana a sukulu, kufufuta n'kulembanso. A Anastazia ankaseka n'kunena kuti, "Aphunzitsi, ulaliki wanu wa pasileti ndi wokoma kuposa wa kuguwa. Ndi waufupi."

Mu 1973 a Wilfred anatengedwa m'kalasi dzuwa likuswa mtengo, choko chili m'manja. Chimene analakwa palibe anatiuza. Ana a lero sangamvetse zimene zinkatsatira munthu akatengedwa. Dzina lake linkafa tsiku lomwelo. Kwaya inasankha mtsogoleri wina sabata isanathe. Akazi awo, a Sellina, akakhala pabenchi, benchilo linkatsala lopanda anthu ngati pakhala wakhate, mpaka anasamukira okha kumbuyo kwenikweni pafupi ndi chitseko.

Tsono a Anastazia anali ndi chizolowezi. Akalandira Ukaristia ankagwada n'kutchula anthu awo kwa Mulungu mmodzimmodzi. Iwo ankayesa akunong'ona. Koma munthu amene sadzimva sadziwa kukula kwa mawu ake. Lamlungu lotsatira, tchalitchi chonse chili zii, tinangomva:

"Ambuye, kumbukirani aphunzitsi a Wilfred Alufandika amene anawatenga aja. Kumene aliko afunditseni, Juni uno wazizira. Ndiponso a Sellina alibe ufa."

Anthu anagwidwa chifuwa nthawi imodzi. Woimba ng'oma anayamba nyimbo nthawi yake isanakwane. Lamlungu linalo, chimodzimodzi. Linalonso, chimodzimodzi.

Pamapeto pake wapampando wa akuluampingo anawaitanira kuseri kwa tchalitchi, ife a kwaya tikuona. Anatenga sileti yomwe ija n'kulemba kuti: Mayi, pempherani chamumtima, anthu akumva. A Anastazia anawerenga pang'onopang'ono, anatiyang'ana tonse, nkhope n'kuwala ngati alandira uthenga wabwino.

"Aa! Kani mukumva? Ine ndimayesa jakisoni uja anakubayani nonse. Nanga ngati mukumva, bwanji simuyankha Amen?"

Palibe anaseka. Anawachotsa m'kwaya n'kuwauza kuti azikhala benchi lakumbuyo, poganiza kuti mawu sadzafika kutsogolo. Atapeza kuti ndi benchi la a Sellina, anathokoza m'Chisena cha kwawo: "Takhuta, mwandiika pabwino." Mawu ankafikabe mpaka kuguwa.

M'tchalitchi mwathu munali makutu ena amene sankabwerera Misa. Tsiku lina amuna awiri a masuti anawapeza a Anastazia akusita kwa a Manjula n'kuwakweza galimoto. Zimene zinachitika kumeneko anafotokoza okha, mokweza monga mwa masiku onse. Amunawo anakuwa mafunso, iwo akungoyang'ana milomo. Wina anapsa mtima n'kuwawomba khofi pakhutu. A Anastazia anati, "Bambo, khutu limeneli linafa kale. Linalo nalonso n'lakufa, koma ngati mukulifuna, nali." Anawatulutsa atawalemba kuti ndi wamisala. Sabata yomweyo a Bonface anauzidwa ku Makata kuti asabwerenso.

Musaganize kuti m'nyumbamo munali mtendere. A Bonface anali munthu wabwino, koma anali ndi ana odyetsa. Anagwira akazi awo mapewa n'kulankhula pang'onopang'ono kuti aone milomo: "Iwe, udzatiphetsa. Tseka pakamwa." Iwo anayankha, oyandikana nawo onse akumva: "Akanatengedwa ndinu, bambo a Idah, mukanafuna ndikutchuleni kapena ndikusiyeni?" A Bonface anatuluka panja n'kukhala pamwala mpaka dzuwa kupendeka. Kuyambira pamenepo anayamba kukhoma zidebe ndi mbaula pamsika, ndipo nkhaniyo sanaiyambenso. A Manjula, amene sankapemphera nafe, sanawachotse ntchito a Anastazia, ndipo zidutswa za nsalu zimene ankawapatsa ndizo zinaveka ana a Sellina. Ife obatizidwa tinapereka chiyani?

Ine ndinachoka m'dziko muno patapita zaka ziwiri. Zotsalazi ndamva kwa a Sellina ndi kwa Idah, mwana wa malemuwa. Pamene ena otengedwa anayamba kutulutsidwa, a Wilfred sanabwere. Mthenga sanafike, mtembo sunaoneke. Wina wanzeru zake anawalembera a Anastazia kuti bwanji azingopempherera mizimu ya onse omwalira, osatchula dzina, nkhani ithe bwinobwino. Anamubwezera sileti. "Manda ake mwawaona? Mukandionetsa ndidzasintha pemphero." Ansembe anabwera n'kupita, akuluampingo anasinthana mipando, a Bonface anamwalira, imvi zinadzaza mutu wa a Anastazia. Lamlungu lililonse dzina lija linkatuluka pabenchi lakumbuyo, ndipo Lamlungu lililonse kwaya inkafulumira kuyamba nyimbo. Ana anakula akuyesa kuti ndi mmene Misa imayendera.

A Anastazia anamwalira mu 1990, nthawi ya mvula, masana a Loweruka. Chifuwa chija chinali chitabwerera. Bambo mfumu anawadzoza mafuta a odwala, amayi a mpingo atadzaza m'nyumba ndi makorona awo. Atalandira Ukaristia milomo inayamba kugwedera, koma mawu sanatuluke. Kwa nthawi yoyamba chigonthereni, a Anastazia ananong'ona zenizeni, moti a Sellina anachita kuika khutu pakamwa pawo. Anatchula dzina lija. Kenaka anatsegula maso, anayang'ana amayi onse aja n'kunena kuti, "Mawu andithera. Mawa munene ndinu." Anagona ngati mwana, dzanja lili m'dzanja la a Sellina, osadzukanso.

Mawa lake linali Lamlungu. Anthu atalandira Ukaristia, tchalitchi chinangoti zii. Kwaya sinafunikenso kufulumira.

Lero aliyense ndi wolimba mtima. M'minibasi, m'mabala, pawailesi, aliyense akuti iyeyo ankatsutsa chamumtima. Chamumtima! Ndakhala Misa zingapo chibwerereni, ndipo tapempherera mvula, atsogoleri, ngakhale denga latsopano la holo. Dzina lija sindinalimve. A Sellina akadakhalabe pabenchi lomwe lija pafupi ndi chitseko, ngakhale palibenso wowathamangitsa kutsogolo.

Ambuye wathu anatsegula makutu a wogontha ndi zala zake. Makutu a Mayi Anastazia sanawatsegule m'moyo uno, ndipo sindifunsa chifukwa. Mwina anafuna kuti m'parishi muno mukhale munthu mmodzi wosamva mantha athu. Mzimu wawo uuse mumtendere. Koma akomiti, mawu oti wofatsa musawaike pamwamba pa nkhaniyi. Anatisiyira ntchito, ndipo sinagwiridwe. Lamlungu likudzali, mukalandira Ukaristia, ine ndidzakhala pabenchi lakumbuyo ndi a Sellina. Makutu muli nawo, pakamwa muli napo. Dzina lake ndi Wilfred Alufandika.