Dimba la Wodi ya Ana

Mwana wanga wachiwiri anadwala chibayo m'nyengo yachisanu, nthawi imene kwathu ku Mlangeni madzi am'ndowa amapweteka zala. Anali asanayambe n'kukwawa komwe. M'mawa wina anakana bere, ndipo nditamuvula ndinaona nthiti zikulowa m'kati akamapuma. Bambo ake anathamangira wa kabaza. Kuchipatala chaching'ono anangomuyang'ana n'kutitumiza kuchipatala chachikulu.

Ku wodi ya ana anamuika timapaipi m'mphuno, tochokera ku makina opereka mpweya. Makinawo ankagawana ndi kamnyamata ka mayi wina wa kuchigwa, cha ku Kasinje, kumene amalima mpunga. Anali mayi wamtali, wa mawu ochepa. Tinkakhala pansi, iye mbali iyi ya bedi, ine mbali inayo, ndipo posakhalitsa tinayamba kuitanana achemwali. Ndikapita kukachapa matewera, ankandiyang'anira mwana. Iye akatopa, ndinkamugwirira wake.

Magetsi akazima, makina aja ankangoti zii. Jenereta inalipo, koma kuti iyake pankapita kanthawi. Anamwino ankathamanga, ife tikuyang'ana milomo ya ana athu ikusintha mtundu. Mpaka lero ndikamva wailesi yazima mwadzidzidzi, mtima umadumpha.

Wanga anayamba kuyamwa patapita masiku. Wa mnzanga uja anamwalira masana ena, dzuwa likuwala bwinobwino panja. Ndinamuthandiza kumanga katundu, ndipo potuluka anandigwira dzanja.

"Msamalireni ameneyo, achemwali," anatero, n'kumapita.

Tsiku lotitulutsa ndinafunsa namwino wamkulu chimene chingathandize kuti makina asamazime.

"Mabatire ndi masola, mayi," anayankha. "Koma ndi zodula. Inu kazipitani, mwana azikafunda."

Kunyumba nkhaniyi inakana kundichoka. Lamulungu lina, titaweruka, ndinauza amayi akumpingo. Ndinalankhula ndithu, ngakhale kuti ine si munthu woima pagulu. Ena anandimvetsa. Mayi wina wachikulire anati, "Chipatala chili ndi eni ake. Ife tisiye ana athu ndi njala, tizikagula mabatire?" Sananame, chaka chimenecho feteleza anali atakwera. Koma mpongozi wake yemwe, amene nayenso anagonapo mu wodi ija, anati ngati ndalama tilibe, manja tili nawo.

Bambo a kunyumba anandidabwitsa. Nditawapempha malo oti gulu lathu lilimepo zogulitsa, ndinkaganiza kuti akana, koma anangoti, "Tengani dimba lakumunsi lija. Chaka chino ndilima lakumtunda lokha." Mbewu ya mbatatesi aliyense anabwera nayo yake, wina m'beseni, wina m'chitenje. Manyowa tinkatuta kumakola a ng'ombe a anthu. Tinkathirira mosinthana, mwana wanga ali kumbuyo atavala chipewa chaubweya. Matenda a chiwawu anagwira mizere yakumadzi, tinataya ndithu, koma yotsalayo inabereka mosangalatsa.

Tikukumba, foni yanga inalira. Anali mnzanga wa ku Kasinje uja. Tinapatsana manambala kuchipatala, koma ine ndinkaopa kumuimbira. Ndikanamuuza chiyani, wanga ali moyo? Anafunsa za mwana, kenako ndinamufotokozera za dimba. Atamva, anandifunsa:

"Mukagulitsira kuti?"

"Ena pamsewu, ena pa Manjawira tsiku lamsika."

"Mundipeza kumeneko."

Tinamupezadi atakhala pa matumba a mpunga, ali ndi amayi anzake. Anali atayenda khomo ndi khomo m'mudzi mwawo, aliyense n'kumathira kambale kake. Atandiona anaimirira, n'kumasula mwana kumbuyo kwanga osapempha. Anamunyamula m'mwamba.

"Ee, walemera!" anatero akuseka, misozi ikutsika.

Tsiku limenelo tinaona kuti kugulitsa zaziwisi sikutifikitsa patali. Tinabwereka chiwaya kwa mlamu wa mayi wina, ife n'kumakazinga tchipisi, akuchigwa akuphika mpunga wa nyemba. Aliyense wogula tinkamuuza kumene ndalama zikupita. Ena ankaseka kuti akuba onse amatero. Kondakitala wina wa minibasi anadya, n'kukana chenji, ati mwana wake anabadwira kuchipatala komweko. Sabata yotsatira anabwera ndi anzake. Tinabwerera pamsikapo kambirimbiri mpaka mvula inayandikira. Mikangano inalipo, makamaka pa za mafuta ophikira, ndipo amayi ena anasiyira panjira. Mayi wachikulire wotsutsa uja sanalowe m'gulu, koma nkhuni zonse zimene tinkasonkhera zinkachokera kwa iye.

Zimene tinapeza zinakwana masola ndi mabatire a makina amodzi okha, pomwe mu wodimo munali makina angapo. Ndinachita manyazi pokapereka, koma namwino wamkulu uja anaomba m'manja ngati tabweretsa chipatala chatsopano. Tsiku loika, mmisiri atamaliza anazimitsa dala magetsi a mu wodimo kuti ayese. Mababu anazima, makina n'kumalirabe. Pabedi lapafupi panali mtsikana akuyamwitsa khanda lake, ndipo sanatukule n'komwe mutu.

Pobwerera tinaima pa siteji kudikira minibasi, ya mnzanga yolowera kuchigwa, yanga yokwera kumtunda. Anandiuza motsitsa mawu kuti ndi woyembekezera. Ndinamukumbatira pomwepo anthu akuona.

"Ndiye chaka chamawa mupume," ndinatero.

"Kupuma chiyani? Makina ena aja akudikira. Inu mungokonza dimba, mpunga ndi wanga."

Minibasi yake inafika yodzaza kale, koma anthu anafinyana n'kumupatsa malo pafupi ndi zenera.