Madala Ophika Magalasi

Pa msewu wathu pali madala ena okonza magalasi a maso. Anthu amawabweretsera magalasi a dzuwa akalekale, iwo n'kuchotsamo akudawo, n'kuikamo oonera amene dokotala walemba. Sapupuluma. Felemu amayamba aitenthetsa pa kamakina kouzira mpweya wotentha, uku akuilankhula ngati mwana wodwala. "Pulasitiki yakale ikakhala yozizira imathyoka, achimwene," amatero. Ine ndimawaseka kuti ndi ophika magalasi, angotsala kuthiramo mchere.

Mwezi watha mkazi wanga anandituma ndi magalasi a dzuwa a malemu bambo ake, chinthu chokhacho chimene anamusiyira, kuti madalawo akaikemo ake owerengera. Ndinati zophikazo n'zochedwetsa, akudawo ndichotseretu ndekha. Ndinatokosa ndi mpeni, felemu n'kuti thyo, pamphuno penipeni.

"Anagwa pansi," ndinawanamiza madalawo nditapita nawo.

Anasisita ndi chala pamene mpeni unakanda. "Simenti yakwanu ndi yakuthwa ndithu," anatero, n'kuyamba kulumikiza ndi kawaya.

Tsiku lokatenga tinapita awiri. Mkazi wanga ataona chipseracho misozi inalengeza. Anatembenukira kwa madalawo: "Apa patani, bambo?"

Ine thukuta kamukamu, maso pa nsapato.

"Ndine, mayi," anatero madalawo. "Ndinafulumira isanatenthe. Mundikhululukire."

Mpaka lero sindinaulule. Mkazi wanga akuuza anzake kuti asapiteko, ati madala aja manja ayamba kunjenjemera. Ine popita kuntchito ndikumadzera msewu wakuseri.