Chithunzi cha Kalongonda

Ndimakumbukirabe kakontena kachikasu komwe ndinkatengeramo chakudya popita kusukulu. Chivindikiro chake chinali chong'aluka, ndiye amayi ankachimanga ndi mphira wa njinga. Chilimwe chomwe ndinali sitandade sikisi munkangokhala kalongonda basi. Kwa osamudziwa, kalongonda ndi nyemba zathu ife Alomwe, ndipo safuna mlesi. Amayi ankamutereka m'mawa n'kumakhetsa madzi ake akudawo kangapo mpaka dzuwa kupendeka, chifukwa ukamuphika mothamanga amaledzeretsa. Nkhuni zake ankakazisenza okha kuphiri la Michesi.

Aphunzitsi athu anali achinyamata, ochokera kuchigawo chapakati. Ndisaname, ndinkawakonda. Ndi iwo anayamba kundiuza kuti ndili ndi mutu wasukulu. Anali ndi foni yojambula, chinthu chosowa masiku amenewo. Tsiku lina pa buleki anandipeza ndikudya patsinde pa mtengo wa mango. "Tamwetulira," anatero. Ndinamwetulira mano onse pamtunda, kalongonda ali m'manja, ndipo ndinakafika kunyumba ndikuyenda monyang'wa.

Patatha masabata awiri amalume anatulukira ndi pepala. Iwo ankagwira ntchito pa Boma, m'sitolo momwe munali kompyuta ndi makina a fotokope. Anati aphunzitsi aika chithunzi changa pa Fesibuku. Ife dzinalo tinali tisanalimvepo, ndiye anatifotokozera kuti ndi khoma lomwe aliyense amamatapo zake, koma lowonedwa ndi dziko lonse. Kunsi kwa nkhope yanga kunali mawu otitchula ife Alomwe ndi dzina lachipongwe, akuti: "Ana a Anguru awa. Akudya zomwe kwathu ngakhale nkhumba ingakane. Nanga mayeso angakhoze bwanji?"

Amayi sankadziwa kuwerenga, choncho amalume anawawerengera kawiri. Amayiwo analiyang'anitsitsa pepalalo, n'kungoti, "Koma mwana wanga waoneka bwino." Kenako anapitiriza kupeta.

Amalume ndiye anatentha. Analumbira kuti munthu ameneyu aona chidameta nkhanga mpala. Pa Fesibukupo anthu anali atayamba kale kumutukwana, ena ali ku Blantyre, ena ku Joni. Anaulula sukulu yomwe ankaphunzitsa, mudzi wakwawo, ngakhale dzina la mkazi wake. Koma amalume anaona kuti anthu a kumudzi akumanidwa, ndiye anachita fotokope mapepala ambirimbiri. Anyamata a kabaza anawamwaza mpaka kwa Kaduya. Mapepalawo ankamatidwa pamitengo, pachigayo, pakhomo la tchalitchi.

Lero ndikudziwa kuti amalume ankatimenyera nkhondo, ndipo sindinganene kuti aphunzitsi aja sanalakwe. Analakwa kwambiri. Koma pa pepala lililonse nkhope inali yanga, osati yawo. Palibe anaganizako zimenezo. Ndikapita kuchigayo ndinkadzipeza ndikumwetulira pakhoma, anthu ataunjikana. Anzanga a m'kalasi, Alomwe anzanga omwe kwawo ankadya zomwezo, anayamba kulira ngati nkhumba ndikamadutsa. Ndinasiya kutsegula kontena pa buleki. Ndinkakakhuthula chakudya kuseri kwa zimbudzi n'kumabwerera m'kalasi m'mimba mukulira.

Aphunzitsi nawo anawonda. Ankalowa m'kalasi osayang'ana kumene ndinkakhala. Makolo ena analetsa ana awo kubwera. Denga la nyumba ya aphunzitsiwo linkagendedwa dzuwa likuswa mtengo. Akazi awo, omwe anali oyembekezera, ankathamangitsidwa pamjigo. Ndinawaonapo akubwerera ndi ndowa yopanda madzi, miyendo itatupa, ndipo chifundo chinandigwira ngakhale sindinkadziwa ngati n'kololedwa kuwamvera chisoni.

Loweruka lina aphunzitsi anabwera kwathu n'kugwada pabwalo, pafumbi, atavala buluku lawo lositasita. Anati ankangocheza ndi anzawo a kukoleji, samadziwa kuti zifika kutali. Amayi anawayankha m'Chichewa chawo cholemera ndi Chilomwe: "Mukanandifunsa ine, aphunzitsi, ndikanakupatsaniko mulawe." Sabata yotsatira lole inabwera kudzanyamula katundu wa aphunzitsi aja. Amalume anagulira anzawo zakumwa, akuti tapambana.

Madzulo a tsiku lomwelo amayi anandiikira kalongonda m'mbale, wothira tomato ndi anyezi, atamuphika tsiku lonse. Fungo lake ndinkalikonda kuyambira ndili wakhanda. Ndinakankha mbaleyo ndi phazi.

"Sindidya za nkhumba ine."

Amayi sanandimenye, ngakhale ndinkayembekezera mbama. Anatola mbale ija, n'kupita nayo kuseri kwa khitchini. Nditawatsatira ndinawapeza atakhala pamtondo, akudya okha pang'onopang'ono, misozi ikugwera m'mbalemo.

Ndinaima pamenepo nditasokonezeka. Mawu omwewo anawerengedwa pamaso pawo kawiri, anamatidwa pamsika, anamveka mpaka ku Joni, koma iwo sanagwetse msozi ndi umodzi womwe. Ine ndinangowabwereza kamodzi, motsitsa mawu, pakhomo pathu pomwe. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo sindinkamvetsa chifukwa chake amayi akulira tsiku lomwe aliyense ankati tapambana.