Wowotcherera Zitsulo ndi Poto wa Masamba

Anthu ankawatchula a Magalasi chifukwa cha magalasi akuda owotcherera amene sankachoka pamphumi pawo. Ena ankati amagona nawo. Kwa zaka makumi atatu ndi zinayi anakhala akulumikiza mageti, mabedi ndi mafelemu a mawindo m'kashedi kuseri kwa msika, ndipo pa zaka zonsezo sanaphikepo ngakhale dzira. Kukhitchini ankangofikako pofuna machesi.

Kenako m'mawa wina, kuzizira kutangoyamba, akazi awo anagwa m'bafa. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Anatuluka patatha milungu itatu, dzanja lamanja litafooka, mawu atathawa, m'chikwama muli kapepala ka namwino: mchere ayi, mafuta pang'ono, masamba tsiku lililonse. Masambawo sanali osowa. Nyengo imeneyo pamsika pamangoti mbwee kabichi, repu ndi sipinachi, ogulitsa mpaka kukukoka malaya.

Vuto linali wophika. A Magalasi ankakhulupirira moto, poti pantchito yawo chitsulo chosapsa bwino chimakathyokera panjira, mwini wake n'kubwera akutukwana. Ndiye ankadula masamba ndi mapesi omwe, kuthira madzi odzaza poto, kuvundikira, n'kusiya zibwate mpaka nkhani za pawailesi zithe. Chotuluka m'potomo chinali chinthu chotuwa, chonunkha ngati sanza yonyowa. Akazi awo ankalawa kamodzi n'kutembenukira kukhoma.

"Idyaniko pang'ono, amayi. Ndi mankhwalatu awa."

Mayiwo milomo ili chitsekere.

Mwana wawo wamkazi, mphunzitsi wokhala ulendo wa maola anayi pa basi, ankabwera Lamlungu ndi sikelo m'chikwama. Ulendo woyamba singano inaima pa makilo 52. Wachiwiri inaima pa 49, wachitatu pa 47.

"Ababa, sindikukunyozani ayi," anatero mphunzitsiyo akupukuta sikelo yake. "Koma amayi akutha tikuona. Ndibweranso pakatha milungu iwiri. Ndikadzapeza atsikanso, ndidzawatenga. Kwathu kuli wowasamala."

A Magalasi anaona kuti mwanayo sankanama. Mantha anawalowa m'mafupa. Ankadziwa kuti wodwala akachoka chonchi sabwerera, ndipo mpando wa pawindo, umene akazi awo ankakhalapo, ankauona kale uli wopanda munthu. Lolemba lake anawotcherera mahinji a geti chozondoka, chinthu chimene sanachitepo chiyambire ntchito.

Lachitatu anaopa kuwasiya okha pabalaza akazi awo, poti dzulo lake anatsala pang'ono kugwa pampando. Anawakhazika kukhitchini pafupi ndi sitovu kuti aziothako, iwo n'kuyamba kuphika mwa masiku onse. Atangokweza jagi ya madzi, supuni yaikulu inawagogoda pachigongono. Anali akazi awo, ndi dzanja lamanzere, nkhope ili yolusa ngati kale. A Magalasi anamva kukoma mumtima, ukali umenewu anali atausowa.

Sukulu inayambira pomwepo, yopanda mawu, supuni ikuloza. Mapesi paokha, masamba paokha. Mafuta kasupuni kamodzi basi. Anyezi pamoto wochepa mpaka afiire, kenako adyo ndi kajinja kosinja. Mapesi analowa kaye. Atafewa, supuni inaloza kuti moto ukwere, masamba alowe, azitembenuzidwa osaleka. A Magalasi atatenga chivundikiro, supuni inachimenya mpaka chinakagwera pansi pa tebulo. Mphindi zitatu zisanakwane, gogogo patebulo, ndiye kuti phulani. Pomaliza anafinyiramo ndimu.

"Komatu izi sizinapse, amayi. Onani, zikadali zobiriwira."

Anaima chogwira poto, akuyang'ana masamba onyezimirawo, kenako anakanda pamwamba pa magalasi awo aja.

"Ndiye kuti ndi malata awa eti? Phesi ndi chitsulo chokhuthala, limafuna moto. Tsamba ndi lata lopyapyala, ukachedwa nalo waliboola."

Mlomo wa mayiwo, mbali imene inkagwirabe ntchito, unakwera pang'ono. Tsiku limenelo anadya masupuni asanu ndi imodzi, amuna awo akuwerenga chamumtima.

Masiku otsatira anaphunzira zina. Kabichi ankamudula mopyapyala n'kumukazinga ndi karoti. Repu, amene amawawirako, ankamusakaniza ndi nyemba zophika kale ndi tomato. Sipinachi ankamuswera dzira pamwamba. Mbale inayamba kubwerera ili theka, kenako itangotsala pansi. Koma maso a a Magalasi sankaona kusintha kulikonse. Mphete ya ukwati inkatererekabe pachala cha akazi awo, ndipo ankati akawanyamula, ankangomva ngati anyamula mtolo wa zovala. Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma amene ananena zimenezo analibe mwana wobwera ndi sikelo Lamlungu.

Loweruka, potseka kashedi, anatsegula chitini cha mabawuti n'kusankhamo anayi aakulu, aja omangira mageti a fakitale. Anawayesa m'manja. Kilo imodzi inkakwana bwinobwino. M'mawa wa Lamlungu, powaveka akazi awo jekete yochindikala, analowetsa awiri m'thumba lililonse, maso ali kumbali. Mayiwo anangowayang'ana.

Mphunzitsi anafika cha m'ma leveni, ndi sikelo komanso chikwama china chachikulu chopanda kanthu. Chikwama chimenecho a Magalasi anachiona, n'kudziwa kuti ndi cholongedzamo zovala za akazi awo. Sikelo inaikidwa pasimenti. Anawaimiritsa akazi awo atawagwira m'khwapa.

Mayiwo sanakwere. Anapisa dzanja lamanzere m'thumba, n'kutulutsa bawuti, n'kuliika patebulo, gu. Anatulutsanso lachiwiri. Thumba lakumanja sakanalifikira, ndiye anatembenuka n'kuwayang'ana amuna awo. A Magalasi anatulutsa okha awiri otsalawo.

"Ababa," anatero mwanayo.

Mayiwo anakwera. Singano inavina, inavina, n'kuima pa 47. Sinakwere, koma kwa nthawi yoyamba sinatsike.

Mphunzitsiyo anakhala pansi, akuyang'ana mabawuti anayi aja. "Mukanandipusitsa lero, ababa, bwenzi amayi akutha ine ndikuti ali bwino. Munaganizapo zimenezo?"

"Ndinaganiza, mwananga. Koma ndinaopa." Anavula magalasi aja pamphumi, n'kumawatembenuza m'manja. "Zaka zonsezi amandiphikira ndi iwowa, ine osadziwa n'komwe kuti tsamba limapsa bwanji. Ndangophunzira dzana. Ukawatenga, ndiziphikira ndani?"

Kenako kunamveka gogogo. Mayiwo anali atafikira supuni yawo, akuloza wotchi ya pakhoma kenako khomo la kukhitchini.

Mwanayo anapinda chikwama chachikulu chija n'kuchikankhira pansi pa mpando. "Sikeloyi ndiisiya konkuno. Muziwayeza Lamlungu lililonse, atavula jekete."

Anawakhazika mayiwo pafupi ndi sitovu. A Magalasi anayamba kupatula mapesi ndi masamba. Pofuna kuthandiza, mwanayo anatenga jagi ya madzi.

"Ikhazike pansi imeneyo," anatero bambo ake. "Amayi ako akumenya."