Mbiya Yopanda Chilema

M'zaka za Chitaganya, ndisanapite kukachita maphunziro a dipuloma, ndinkaphunzitsa pa sukulu yaing'ono ya mishoni kufupi ndi Lirangwe, ndipo ndinkakhala chikamwini kwawo kwa mkazi wanga. Mkazi wangayo anali woumba mbiya. Luso limeneli analiphunzira ali mtsikana kwa azakhali ake a ku Chileka, mlongo wa bambo ake, amene ankasunga mwala wokulungizira mbiya umene amayi awo anabwera nawo kuchokera ku dziko la Apwitikizi. Azakhaliwo ankadziwa kuumba, koma kuyamikira munthu sankakudziwa. Chimene mkazi wanga ankafuna koposa zonse pa ntchito yake chinali choti tsiku lina azakhaliwo agwire mbiya yake ndi kunena kuti ili bwino.

Nditakhala naye miyezi ingapo ndinazindikira kuti kuumba kwenikweniko sikunkamutengera nthawi. Nthawi yonse inkathera pochotsa zilema. Mbiya ikangoimikidwa, ankaipala ndi chitsononkho cha chimanga kuti mizere ya zala ifafanizike. Kenako ankaisiya pamthunzi mpaka itauma pang'ono, chifukwa dothi lonyowa limamatirira ku mwala, pamene louma kwambiri limangokandika. Ikafika pakatikatipo ankatenga nkhulungo, kamwala kosalala ka mumtsinje, n'kumatikita pang'onopang'ono mpaka mbiya itayamba kunyezimira. Akapeza kamchenga kotumphuka ankakachotsa ndi munga, n'kumata dothi latsopano pabowopo, n'kuyambiranso. Ine ndinkatha kupita ku sukulu, kuphunzitsa, kuweruka, n'kudzamupeza akadali pa mbali yomweyo ya mbiya yomweyo.

Chaka china mwana wamkazi wa azakhali aja anapeza banja, ndipo ukwati unali woti ukachitikire ku Chileka. Mkazi wanga anaganiza zoumba mbiya yaikulu ya thobwa, yoyamba ya msinkhu umenewo pa moyo wake. Itauma pang'ono, anapeza kachotupa m'munsi mwa mlomo wake, kosaposa njere ya mapira. Anakayang'ana ngati munthu amene wapeza nsikidzi pa mkeka wa alendo.

"Kasiyeni kameneko, mayi," ndinatero. "Thobwa silidzafunsa."

"Thobwa silidzafunsa, koma azakhali adzafunsa," anayankha. "Inu aphunzitsi, mwana akalemba chilembo chopindika mumati asiye poti choko sichifunsa?"

Ndinamukumbutsa chinthu chimene iye ankachidziwa kuposa ine. Kwathu kuno, pa ukwati kapena pa maliro, mbiya zimachokera m'nyumba zambiri n'kusonkhana pabwalo limodzi. Mwambo ukatha, mayi aliyense amazindikira yake poona chilema chake: wina amati yanga ndi ya mlomo wopendekekayo, wina ya banga lakuda la moto, wina yokhala ndi chidindo cha chala pakhosi. Palibe amene ankalembapo dzina, popeza chilemacho chinali chokwanira. Ndinati mbiya yopanda chilema ili ngati mwana wasukulu amene sali m'kaundula. Iye anangoseka, n'kutenga munga wake. Pofika madzulo kachotupa kaja kanali katapita, ndipo ngakhale ine amene ndinkadziwa pamene kanali sindinathe kupezapo.

Mbiya ija inapsa bwino, yopanda mng'alu kapena banga. Tinaiika m'dengu lodzaza udzu, n'kuimangirira pa njinga, ndipo njingayo sindinaikwere ngakhale pang'ono: ndinaikankha kuchokera ku Lirangwe mpaka ku Chileka, mkazi wanga akuyenda pambuyo n'kumandiuza za mwala uliwonse umene ndinali nditauona kale. Titayandikira bwalo la ndege, ndege ina inadutsa chapansipansi, ndipo iye anakumbatira dengu lija ngati kuti phokoso lingathe kuswa mbiya.

Tinapeza azakhali ali pa chipwirikiti cha ukwati, moti analibe mpata woyang'ana katundu wa alendo. Atsikana anangolandira mbiya yathu n'kukaiimika pamzere ndi zinzake. Pamzerepo panali inanso yatsopano, yofanana nayo msinkhu ndi kusalala komwe, imene azakhaliwo anaumbira ukwati wa mwana wawo. Izi sizinandidabwitse, pakuti dzanja limene linaumba imodzi ndi lomwe linaphunzitsa dzanja loumba inayo.

Ukwati unatha bwino. M'mawa mwake amayi anayamba kutola mbiya zawo, ndipo pamapeto pake panatsala mbiya yosalala imodzi yokha. Mkazi wanga anazungulira kuseri kwa nkhokwe, ine ndikumutsatira, ndipo kumeneko tinapeza mapale atakwiriridwa ndi makoko a chimanga. Atsikana otsuka mbiya anali ataswa imodzi, n'kuibisa poopa pakamwa pa azakhali. Mkazi wanga anatola phale n'kuyang'ana m'mbali mwake mothyokamo. Munali timchenga tonyezimira, monga mmene lilili dothi la mtapo wa ku Chileka. Lathu la ku Lirangwe linalibe timeneto. Yosweka inali ya azakhali, ndipo yotsalayo inali yathu.

Titabwerera pabwalo tinapeza azakhali atagwada pambali pa mbiya ija, akuisisita ndi chikhatho, amayi ena atawazungulira.

"Bwera kuno, iwe mwana wa achimwene," anamuitana. "Yako ija ili kuti? Ati unabweretsa mbiya."

"Ndinabweretsa, azakhali."

"Ndiye kuti yasweka. Dothi la kwanu kuja n'lofunika kuumbira ng'ombe za ana. Gwada apa uone. Pititsa dzanja. Wamva kanthu?"

"Sindinamve kanthu, azakhali."

"Kukulungiza mbiya n'kumeneku. Kuyambira kuno mpaka ku Chigaru palibe dzanja lina lingachite zimenezi. Iwe umafulumira, mtima uli kwa aphunzitsi akowa."

Amayi aja anaseka, nanenso ndinaseka mwaulemu monga mkamwini. Phale lija linali m'dzanja lamanzere la mkazi wanga, atalibisa m'nsalu. Kulitulutsa kukanabweza mbiya yake, komanso kukanachititsa kuti azakhali ameze mawu awo pamaso pa anthu, ndipo atsikana aja akanaona zakuda. Kusalitulutsa kunali kutaya ntchito ya masabata ambiri. Phalelo analisiya m'nsalu momwemo.

"Ndiye mukuti mbiya imeneyi ilibe chilema, azakhali?" anafunsa.

"Uli ndi makutu? Ndati ilibe."

"Ngakhale m'munsi mwa mlomomu?"

Azakhali anapititsa chala pamalo enieni pamene panali kachotupa kaja. Chalacho chinaima pamenepo kanthawi. Kenako anati, "Ngakhale m'menemo," ndipo anaitana mnyamata kuti ailowetse m'nyumba.

Pobwerera njinga inali yopepuka, choncho ndinamukweza mkazi wanga pakaliyala. Tinayenda mtunda wautali. Ine ndinkakonza mawu omutonthoza, komanso, ndivomere, mawu omukumbutsa kuti za kachotupa ndinanena. Ndisanayambe ndinamva njinga ikugwedera. Nditacheuka ndinapeza akuseka mpaka misozi.

"Mwamva, aphunzitsi? Kuyambira ku Chileka mpaka ku Chigaru."

Nkhaniyi ndaisinkhasinkha zaka zambiri, ndipo ndimaona kuti ili ndi mafotokozedwe awiri. Koyamba, n'kutheka kuti azakhali sanazindikiredi, ndipo ngati zili choncho ndiye kuti wophunzira anafika pa mphunzitsi wake mpaka mphunzitsiyo kusokonezeka. Kachiwiri, n'kutheka kuti anazindikira pamene chala chawo chinaima, pakuti woumba amadziwa pamene pamatidwa dothi lachiwiri monga mmene mayi amadziwira chipsera cha mwana wake. Ngati zili choncho, ndiye kuti anapeza njira yokhayo imene munthu wa mtima wawo akanatha kuyamikira mbiya ya wina: kuyamba aitcha yawo. Ine ndimapendekera ku kufotokoza kwachiwiriku, chifukwa sanafunsepo za mapale, ngakhale kuti anali munthu wodziwa chilichonse chogwa pakhomo pawo. Mkazi wanga ankati mafotokozedwe onsewo ndi a anthu amene sanagwirepo dothi.

Zotsatira zake zinali ziwiri. Kuyambira nthawi imeneyo, mbiya iliyonse imene mkazi wanga ankaumba ankaikulungiza monga kale, mwina kuposa, koma pomaliza ankadinda chala chachikulu m'munsi mwa mlomo, pamalo a kachotupa kaja. Sanavomerepo kuti nzeruyo inali yanga. Chachiwiri n'chakuti mbiya ija inakhala muyezo wa ntchito yake yonse. Tikapita ku Chileka ndi mtsuko watsopano, azakhali ankauzunguza m'manja, n'kupeza chidindo cha chala chija, n'kupukusa mutu. Kenako ankaloza pakona pamene panali mbiya yaikulu ija.

"Tsiku limene udzafike pa iyo, udzandiuze."

Ndipo mkazi wanga, atagwada mwaulemu wonse, ankayankha kuti, "Ndikuyesetsa, azakhali, koma amene anaumba imeneyo ndi katswiri."

"N'zoona," ankatero azakhali, maso ali kumbali.