Mpiru wa kudimba la amalume

Chizindikiro choyamba chidali malovu. Lidali Lachitatu, m'mwezi wa Okutobala chaka chatha, titangotha kudya nkhomaliro. Mwana wanga Veronika, yemwe panthawiyo adali mu Sitandade 2, adakhala pakhonde malovu akuchucha ngati khanda lomera mano. Ndidamukalipira kuti apukute kukamwa. Posakhalitsa adayamba kusanza, kenako kutsekula m'mimba, thukuta lili kamukamu. Inenso m'mimba munkandipota, koma pang'ono.

Tsikulo tidadyera mpiru wogula kusitolo ya kopaletivi yathu, kuno kwa Mauwa. Ndine membala, ndipo sitoloyo ndinkainyadira chifukwa ndiwo, tomato ndi nyemba imagula kwa mamembala okhaokha, anthu odziwana. Komiti idaika lamulo loti masamba obooledwa ndi mbozi asamalandiridwe, ati aphunzitsi ndi anthu apaulendo sagula. Mpiru umenewo udali wobiriwira bwino, wopanda chibowo n'chimodzi chomwe. Udachokera kudimba la amalume anga, a Makwinja, mlongo wa malemu mayi anga.

Ndidayamba ndi kumupatsa madzi a shuga ndi mchere, ndikuganiza kuti ndi m'mimba mwa masiku onse. Dzuwa litapendeka mwana adayamba kupuma movutikira, pachifuwa pakulira, minofu ya m'manja ikunjenjemera yokha. Apo ndiye ndidaitana wa kabaza.

Kuchipatala chaching'ono namwino adamuunika m'maso ndi tochi. Timadontho takuda ta m'maso tidali titachepa ngati nsonga ya singano.

"Mayi, mwanayu wamwa mankhwala a m'munda?" adandifunsa.

Ndidati kwathu sitisunga mankhwala otere. Adafunsa zomwe tidadya, ndipo ndidamuuza. Adamubaya jakisoni, kumuika dripi, n'kuitanitsa ambulansi. Tidaidikira nthawi yaitali ndili pabenchi, mutu wa mwana uli pamiyendo panga, chitenje chitanyowa.

Kuchipatala chachikulu adamugoneka m'wodi ya ana, pabedi loyandikana ndi tebulo la anamwino, pomwe amaika odwala kwambiri. Adamuika pa okosijeni. Anamwino ankabwera pafupipafupi kudzamubaya, kumumvetsera pachifuwa ndi kumuyamwa makhololo ndi kamakina. Masiku oyambirira sankandizindikira. Ankang'amba dripi ndi kulankhula zosamveka, ndipo anamwino adandiuza kuti mankhwala omuchiritsawo amatero.

Moyo wa mlonda wa wodwala ndi wodikira. M'mawa amatitulutsa kuti akolope. Timakhala panja mpaka adokotala atamaliza kuyendera odwala, kenako timathamangira kukhitchini kukalimbirana mafuwa. Ndidaphika phala kangapo n'kulidya ndekha lozizira. Ndikaona nsalu yotchingira ikukokedwa pabedi la mwana wina, ndinkadziwa kuti kukubwera kulira.

Lachisanu adokotala adandiitanira pambali. Adati zizindikiro zonse ndi za mankhwala ophera tizilombo, ndipo mwachionekere masambawo adathyoledwa atangopoperedwa kumene. Adati kutsuka ndi kuphika sikuchotsa zonse, ndipo thupi la mwana silipirira ngati la wamkulu. "Mukadagona naye kunyumba, bwenzi tikukamba zina," adatero.

Sabata isadathe Veronika adatsegula maso n'kupempha madzi. Tsiku lotsatira adamuchotsa pa okosijeni, n'kutisamutsira kumabedi akumapeto. Ndidasangalala, koma mtima udali usadakhale pansi.

Amalume adabwera Lamulungu atatuluka ku Misa. Adamuona mwana, kupukusa mutu, kenako adati tikakambirane panja. Nditawafunsa za mankhwala, sadakane. Adati mbozi zidawavuta, ndipo mtolo wawo wam'mbuyomo udabwezedwa kusitolo chifukwa cha zibowo. Ndiye adagula mankhwala a m'kabotolo kopanda dzina pamsika, kupopera madzulo, m'mawa mwake n'kuthyola. Adati alimi ambiri amatero, kungoti iwo dzanja lidalemera.

Kenako adapitiriza, mondidzudzula ine.

"Komanso iwe mwana wa achemwali, ungamakagule ndiwo kusitolo ngati ulibe abale? Ukadabwera kunyumba ndikadakuthyolera za pabedi la ndiwo zathu. Zodya ife sitipopera."

Mawu amenewo adandipweteka kuposa zonse zomwe ndidaona m'wodi. Munthu amene adandiperekeza pa ukwati wanga adali ndi mabedi awiri, lina la ana ake, lina la ana a eni. Chomwe chidamudandaulitsa n'chakuti wanga adadya za pabedi lolakwika. Asadanyamuke adandipempha kuti nkhaniyo ithere pachibale.

Siidathere pachibale. Titatuluka ndidaikamba pamsonkhano wa mamembala, amalume ali pomwepo. Anthu adawerama, ndipo pakuwerama kwawo ndidadziwa kuti mabedi awiri sali kudimba limodzi lokha. Wapampando adapepesa, adati aitana alangizi adzatiphunzitse masiku oyenera kudikira ukapopera. Alangizi adabweradi. Koma lamulo la zibowo lilipobe, ati tikalichotsa malonda agwa. Abale ena mpaka lero sandiyankhula, ati ndidachititsa manyazi munthu wamkulu. Mwana wanga akadamwalira, omwewo akadabwera kudzaphika pamaliro.

Panopa Veronika ali bwino. Kwa miyezi ingapo ankatopa msanga ndipo mutu unkamuwawa, koma titapita komaliza kuchipatala adati thupi labwerera. Ali mu Sitandade 3, amasewera fulaye ndi anzake. Masamba amakana, ndipo sindimukakamiza. Kuseri kwa nyumba ndidalima kabedi kanga kothirira ndi madzi otsukira mbale.

Kwa makolo anzanga ndikuti, mwana akadya n'kuyamba kusanza, kuchita thukuta, kutuluka malovu kapena kubanika, musadikire kuti kuche. Thamangani naye kuchipatala, ndipo mukanene chilichonse chomwe wadya, ngakhale chichokere kwa mbale wanu. Musanalipire mtolo wa ndiwo, kaya ndi pamsika kaya ndi musitolo yanu yomwe, mumuyang'ane wogulitsayo m'maso n'kumufunsa ngati ana ake amadya zomwezo.